Series imayamba kusukuluka tsiku limene tasiya kuopera anthu ake

Okondedwa Akonzi,

Ndipatseniko kamalo mu nyuzipepala yanu ndikambeko nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa nthawi yaitali. Ena aiona ngati yaing'ono, koma kwa ife amene timataya tulo chifukwa cha ma series si yaing'ono ayi. Munthu umapereka maola ambirimbiri a moyo wako kutsatira stori imodzi, anthu a mmenemo umafika powadziwa ngati abale ako, wina akafa mtima umakuwawa zenizeni, nde tsiku lina umangozindikira kuti ukuonera kwinaku ukutokosa foni, episode yatha osadziwa kuti chachitika ndi chani ndipo sukudandaula nkomwe. Funso langa ndi lakuti kodi zimenezi zimayamba liti? Chifukwa sizichitika tsiku limodzi, ndipo pomwe ambiri timaloza chala kuti apa ndi pamene zinaonongekera nthawi zambiri pamakhala kuti zinaonongeka kalekale ife tisanadziwe.

Anzathu a ku America ali ndi dzina la nthawi imeneyi, amatchula za kudumpha shaki, nsomba yoopsa ya mnyanja yamchere ija. Zinachokera ku series yakale yotchedwa Happy Days imene inayamba mu 1974. Inali stori ya banja ndi achinyamata basi, moyo wa tsiku ndi tsiku, koma mu 1977 kumayambiriro kwa sizoni 5 olemba anatenga Fonzie, mnyamata amene anthu ankamukonda kwambiri, nkumuika pa timatabwa toseweretsa pa madzi atavala jekete yake yachikopa kuti adumphe pamwamba pa shaki. Kuyambira pamenepo series iliyonse ikayamba kuchita zinthu zongofuna kudabwitsa anthu poti nzeru zatha, amati yadumpha shaki. Koma taonani ichi, Happy Days sinathe mu 1977, inapitirira mpaka 1984, masizoni 11, ndipo anthu ankaonerabe mwaunyinji kwa zaka ndithu. Nde ine maganizo anga ndi akuti episode yopusa ija si matenda enieni, ndi chotupa chabe chimene chatulukira pakhungu, nthenda imakhala italowa kale mmagazi.

Nthenda yake ndi iyi mmene ndikuonera ine. Series iliyonse yabwino imabadwa ndi funso limodzi. Limodzi basi. Ndipo imakoma pamene funso limenelo likadali lotseguka komanso likukulirakulira, imafika pachimake pamene yankho layandikira, kenako yankho likaperekedwa ntchito yatha. Zonse zobwera pambuyo pake ndi kusaka chifukwa choti anthu asapite kwawo.

Chitsanzo chimene sindingachidumphe ndi Prison Break, poti ndi imene inandiphunzitsa zimenezi mowawa. Inayamba mu 2005 pa Fox. Michael Scofield, injiniya wa zomangamanga, akudzigwiritsa dala ndi apolisi kuti alowe ndende ya Fox River kumene mchimwene wake Lincoln akudikira kuphedwa pa mlandu umene sanapalamule, ndipo pulani yonse ya ndendeyo wailemba pathupi ngati ma tatuu. Funso lake linali loonekeratu kwa aliyense, atuluka kapena satuluka tsiku lophedwa lisanakwane? Ma episode 22 a sizoni yoyamba aja palibe imene unganene kuti iyi anangoikapo, kabauti kamodzi kochotsedwa pa benchi kanali ndi ntchito, bowo la kuseri kwa toileti linali ndi ntchito, munthu aliyense amene wadziwa za pulani ankaonjezera vuto, ndipo mtima unkagunda chifukwa umadziwa kuti akalakwitsa kamodzi kokha Lincoln wapita. Kumapeto anthu 8 anadumpha mpanda. Funso linayankhidwa. Sizoni 2 ndimaikhululukira ndipo ndimaikonda, chifukwa munthu ukathawa ndende pamakhala funso lachiwiri lobadwa lokha, loti kodi akugwira? Ndipo anabweretsa Mahone wa FBI amene anali ndi nzeru zofanana ndi Michael, zinali bwino ndithu. Koma zitatha apo ndi chani chinatsala? Dzina la series likunena za kuthawa ndende, nde anamubwezanso mndende ina, ya Sona ku Panama, opanda pulani, opanda mchimwene wodikira imfa mkatimo. Sizoni 4 anasiyiratu za ndende nkuyamba kusaka kachipangizo kotchedwa Scylla, ma tatuu aja amene anali mtima wa stori yonse anangowafufuta ngati palibe chimene ankatanthauza.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri si ndende yachiwiri ayi, ndi nkhani ya imfa. Mu sizoni 3 anationetsa kuti Sara, dokotala uja Michael ankamukonda, waphedwa, mutu wake anauika mu bokosi. Tinamva chisoni, tinavomera. Sizoni 4 ikuyamba Sara ali moyo, ati mutu uja sunali wake. Mayi ake a Michael amene tinauzidwa kuti anamwalira kalekale nawonso atulukira ali moyo. Kellerman amene tinkadziwa kuti anaomberedwa nayenso uyu wabwera. Kenako Michael mwini wake anafa mu 2009, tinaona manda ake, tinalira, nde mu 2017 anatiuza kuti sanafe ali mndende ina ku Yemen. Akonzi, mundiuze, munthu akaloza mfuti pamutu pa wina mu series yoteroyo ine ndiopenso chani? Apa ndi pamene pagona mfundo yanga yonse. Series imayamba kufa tsiku limene imfa yasiya kukhala imfa, tsiku limene zochita za anthu ake zasiya kukhala ndi mtengo woti alipire. Oonera akasiya kuopa, asiya kusamala, olo zithunzi zikongole bwanji, olo bomba liphulike lalikulu chotani.

Chinyengo chimenechi si chatsopano. Mu 1986 series ya Dallas inachita zoposa apa, Bobby Ewing anali atafa pogundidwa ndi galimoto, sizoni yonse yathunthu inadutsa anthu akumulira, kenako poti akita wake Patrick Duffy anavomera kubwerera, anangomuonetsa akusamba mbafa nkunena kuti zonse zimene munaonera chaka chonse chija anali maloto a mkazi wake wakale. Chaka chathunthu cha moyo wa oonera anangochitaya choncho. Mu series yotchedwa 24 namonso Tony Almeida anafa mu sizoni 5 nkudzuka mu sizoni 7. Ndipo 24 imaonetsa bwino vuto lina, loti chilichonse chiyenera kukula kuposa cha chaka chatha. Sizoni yoyamba nkhani inali yoteteza munthu mmodzi wopikisana nawo pa upulezidenti komanso kupulumutsa mkazi ndi mwana wa mwini filimu Jack Bauer, zinthu zoti mtima wa munthu ungathe kuzinyamula, ndipo pamene zinadziwika kuti kazitape ndi Nina Myers amene Jack ankamukhulupirira kuposa onse tinazizidwa thupi lonse. Sizoni 2 bomba la nyukiliya. Sizoni 3 kachilombo. Pofika sizoni 6 bomba la nyukiliya linaphulikadi pafupi ndi Los Angeles kumayambiriro kwenikweni, nde ukayamba ndi zimenezo ma episode 20 otsalawo uikamo chani? Ndipo kazitape wa mu ofesi ya CTU, yolimbana ndi zauchifwamba imene Jack ankagwirako ntchito, anasanduka chinthu choti chaka chilichonse tizingodikira kuti ulendo uno ndi ndani. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ine ndimati 24 inafika pachimake mu sizoni 5, imene inapatsidwanso mphoto ya Emmy mu 2006, ndipo kugwa kwake kunabwera sizoni yotsatira yomweyo.

Tsopano tisangowanena olemba ngati kuti ndi anthu opanda nzeru, ayi, ambiri ndi akatswiri ndipo amadziwa bwino lomwe kuti stori yatha. Vuto ndi mmene bizinesi yake inapangidwira. Ku America wayilesi zikuluzikulu za kanema kwa zaka zambiri zinkafuna ma episode 22 kapena 24 pachaka, chaka ndi chaka, ndipo ndalama zenizeni zinkabwera series ikafika ma episode pafupifupi 100 chifukwa pamenepo amatha kuigulitsa ku mawayilesi ena kuti aziibwereza tsiku lililonse. Ndiye series ikagwira msika palibe bwana amene angavomere kuti itseke pa episode 44 poti stori yatha, amati pitirizani, mupeze chochita. Tangoganizani, munthu wakhala zaka mwina zisanu akuganizira sizoni yoyamba, kuikonza, kuisula, kenako akumuuza kuti yachiwiri tikuifuna pakatha miyezi yochepa. Nzeru za zaka zisanu sizingafanane ndi nzeru za miyezi inayi. Komanso ma akita akatchuka malipiro amakwera, aja a Friends anafika polandira madola 1 miliyoni aliyense pa episode imodzi mmasizoni awiri omaliza, nde kampani ikalipira munthu ndalama zoterozo siingalole kuti aphedwe mu stori kapena asowe ma episode asanu, stori imayamba kutsatira kontrakiti mmalo moti kontrakiti itsatire stori.

Lost ndi umboni wabwino wa zimenezi chifukwa eni ake anachita kulimbana nazo poyera. Inayamba 2004, ndege yagwa pa chilumba chodabwitsa, mafunso mbwee. Koma poti wayilesi ya ABC sinkafuna kunena kuti idzatha liti, olemba sankadziwa kuti mayankho awasunge mpaka liti, nde anayamba kukoka nkhani, kutsekera anthu mmakola ma episode angapo, mpaka mu sizoni 3 anapanga episode yathunthu yofotokoza kumene Jack anatenga ma tatuu ake, chinthu chimene palibe anafunsapo. Mu 2007 atsogoleri a olemba ake, Damon Lindelof ndi Carlton Cuse, anagwirizana ndi ABC kuti series idzatha mu 2010 ndipo masizoni otsalawo akhale afupiafupi. Aliyense amene anaonera akhoza kuchitira umboni kuti zitangotero stori inadzuka, inayamba kuthamanga ngati munthu amene wadziwa kumene akupita. Za mathero ake anthu amakanganabe mpaka lero, ine ndili mbali ya amene sanakhutire, koma mfundo yanga ndi yakuti kudziwa tsiku lotseka kunaipatsa moyo wachiwiri.

China chimene ambiri sitichiona poti sitiwerenga mayina amene amadutsa kumayambiriro, ndi kuchoka kwa munthu amene anabereka stori. Nkhope za pa sikirini zimakhala zomwezo, nyimbo yoyambira yomweyo, koma mutu umene unkaganiza zonse wapita. Supernatural anaiyambitsa Eric Kripke ndipo stori yake yaikulu inatsekeka bwinobwino pa sizoni 5, iye nkusiya utsogoleri, koma series inapitirira mpaka sizoni 15 mu 2020, ma episode opitirira 300, abale awiri aja kufa ndi kudzuka kosawerengeka. Dexter chimodzimodzi, pafupifupi aliyense amavomereza kuti sizoni 4 ija ya chigawenga chotchedwa Trinity ndiyo inali pamwamba penipeni, ndipo itangotha mtsogoleri wa olemba Clyde Phillips anachoka, zotsatira zake zinatsika pang'onopang'ono mpaka mathero a 2013 amene anakwiyitsa anthu kwambiri moti mu 2021 anachita kuibweretsanso kuti akonze. Nthawi zina amachoka ndi akita, monga Steve Carell pamene anasiya The Office mu 2011, anzake anayesetsa masizoni awiri ena koma mpando wake unaoneka kuti ndi wopanda munthu.

Pali ngozi zinanso zochokera kunja zimene sitingaimbe mlandu wolemba aliyense. Sitalaka ya olemba ku Hollywood imene inayamba mu Novembala 2007 nkutha mu Febuluwale 2008, masiku 100, inadula masizoni ambiri pakati. Heroes imene sizoni yake yoyamba inali mbambande inangopanga ma episode 11 mu sizoni 2 ndipo sinadzukenso mpaka kutsekedwa mu 2010. Sizoni 3 ya Prison Break ija inathera pa ma episode 13 chifukwa cha sitalaka yomweyo. Olembawo anali ndi zifukwa zomveka zonyanyalira ntchito, ndikungonena kuti oonera kutali kuno timangoona stori yapindika osadziwa kuti kuseri kwachitika zotani.

Koma Akonzi ndisakunamizeni kuti kutalika kokha ndiye vuto, chifukwa Game of Thrones inadwala nthenda yosiyana, yothamanga. Iyi ndimaikamba ndi chisoni chenicheni. Masizoni anayi oyamba aja ndi ena mwa zinthu zabwino kwambiri zimene ndinaonerapo pa TV, ndipo chimene chinkaipatsa mphamvu ndi chomwe chija ndanena, mtengo wa zochita. Ned Stark amene tonse tinkaganiza kuti ndiye mwini filimu anadulidwa mutu mu episode 9 ya sizoni yoyamba chifukwa cha zisankho zake zomwe, ukwati wamagazi uja wa mu sizoni 3 unabwera chifukwa Robb anaphwanya lonjezo. Palibe amene anali wotetezeka ndipo imfa iliyonse inali ndi mizu yake. Anthu ankayenda ma episode angapo kuchoka dera lina kufika lina, ndipo mnjiramo ndi mmene ankacheza, kudana, kugwirizana, ife nkumawadziwa. Koma stori ija inkachokera mmabuku a George R. R. Martin, ndipo buku lachisanu linatuluka mu 2011 chaka chomwe series inayamba, lachisanu ndi chimodzi silinabwere. Pofika sizoni 6 opanga series anali atadutsa mabuku, akuyenda okha. Jon Snow anafa kumapeto kwa sizoni 5 nkudzutsidwa mu sizoni 6. Masizoni amene ankakhala ndi ma episode 10 anatsika kufika 7 kenako 6. Maulendo a miyezi anayamba kutenga mphindi zochepa, anthu akuluakulu ankazunguliridwa ndi adani mazanamazana nkutulukamo opanda bala, nkhondo ya akufa imene anatilonjeza kuyambira mphindi yoyamba ya episode yoyamba inatha usiku umodzi, mu episode yakuda yoti ambiri sitinkaona nkomwe chimene chikuchitika. Kusanduka woipa kwa mfumukazi Daenerys kukanatha kukhala stori yamphamvu kwambiri akanakupatsa nthawi, koma anakupanikiza mma episode awiri. Anthu opitirira 1 miliyoni anasaina pa intaneti kupempha kuti sizoni 8 ipangidwenso.

Ndipo apa pali chinthu chimene ndikufuna anthu achimvetse. Episode yomaliza ya Game of Thrones mu 2019 inaoneredwa ndi anthu opitirira 19 miliyoni ku America usiku woyamba, kuposa ina iliyonse mmbuyomo. Ndiye kuti sizoni imene anthu anaidandaula kwambiri ndi yomwenso inali ndi oonera ambiri. The Walking Dead nayo pamene sizoni 7 imayamba mu 2016 anthu pafupifupi 17 miliyoni anakhala pansi kuti aone amene Negan wamupha, koma kukoma kwake kunali kutayamba kale kuchepa, anali atayamba kale kusewera ndi mitima yathu, kunamizira kuti Glenn wafa kenako watulukira pansi pa bini ya zinyalala, kutseka sizoni 6 osationetsa amene wamenyedwa kuti tidikire miyezi yambiri. Anthu anabwera kudzaona yankho, ataliona ambiri sanabwererenso, manambala anayamba kutsika chaka ndi chaka mpaka kutha kwake mu 2022. Chiwerengero cha oonera chimachedwa, chimabwera mmbuyo mwa ubwino ngati mmene bingu limamvekera mphezi itang'anima kale. Anthu amamva mbiri ya sizoni 1 ndi 2 nkuyamba kulowa pa sizoni 4, ndiye bwana akayang'ana manambala amaona ngati zinthu zikuyenda kuposa kale pomwe mkati mwayamba kuola. Akadzazindikira, papita masizoni atatu oipa.

Mnzanga wina amene timakangana naye nkhani zimenezi amati vuto ndi ineyo, ati series sisintha, amene amasintha ndi woonera, chinthu chikakhala chatsopano chimakoma ndipo ukachizolowera umayamba kuona zolakwika zimene zinalipo kuyambira kale. Mbali ina akunena zoona, sindikana. Nthabwala imene inakuseketsa koyamba siingakuseketse chimodzimodzi kachisanu, ndipo ena timakonda sizoni inayake chifukwa cha nthawi imene tinkaionera ndi anthu amene tinali nawo. Koma ndimamufunsa kuti nanga bwanji Breaking Bad? Inayamba 2008 nkutha 2013, ma episode 62, ndipo ambiri amavomereza kuti inkakomerakomera mpaka ma episode abwino kwambiri ali kumapeto kwenikweni. Tinaizolowera nayonso, koma sinatitopetse. Chifukwa chake nchakuti funso lake linali limodzi kuyambira tsiku loyamba, mphunzitsi wa chemistry wodwala khansa amene wayamba kupanga mankhwala ozunguza bongo adzafika pati, ndipo chilichonse chimene Walter White anachita chinamutsatira, bodza lililonse linabala lina, munthu aliyense amene anafa anafadi ndipo magazi ake anakhala pa wina. Amene anaiyambitsa, Vince Gilligan, anatseka pamene funso linayankhidwa, pomwe oonera anali akuchuluka kuposa kale lonse. Nde si kuzolowera kokha ayi, pali kusiyana kwenikweni pakati pa stori imene ikupita kwinakwake ndi imene ikungozungulira.

Money Heist ija ya ku Spain ndi chitsanzo china chimene chimandiwawa. Inapangidwa mu 2017 pa wayilesi ya Antena 3 ngati stori yokhala ndi mathero, kuba kumodzi, kulowa mnyumba yosindikizira ndalama ndi kutuluka, basi. Inatha bwino, mmodzi wa akubawo wotchedwa Berlin anafa imfa yomveka. Netflix itaitenga nkutchuka dziko lonse anaitsegulanso, kuba kwachiwiri ku banki yaikulu ya dziko la Spain, ndipo poti Berlin anthu ankamukonda anayamba kumubweretsa mzithunzi za kale zimene nthawi zambiri zinkangoimitsa stori. Pulani ya mtsogoleri wawo Professor imene poyamba inali ya nzeru inasanduka mfuti ndi mabomba. Sindikuti zonse zinali zoipa, imfa ya wakuba wina wotchedwa Nairobi inandikhudza, koma aliyense woona mtima akudziwa kuti mbali ziwiri zoyamba zija zinali zokwanira pazokha.

Ndiye ngati wina andifunsa kuti pachimake pamakhala pati, ine kuchokera pa zimene ndaonera ndimati kawirikawiri ndi pakati pa sizoni 2 ndi sizoni 5. Yoyamba nthawi zambiri amakhala akufufuzabe mawu awo, ma akita sanazolowerane, makamaka zoseketsa zimachedwa kupsa. Yachiwiri mpaka yachinayi aliyense wadziwa ntchito yake ndipo nzeru zikadalipo. Kupitirira apo zizindikiro zimayamba kuoneka, ndipo ukazidziwa sungazisowe. Munthu amene anali ndi makhalidwe osiyanasiyana amatsala ndi khalidwe limodzi lokha limene anthu ankaseka, wopusa pang'ono amasanduka chitsiru chenicheni, waukali amangokhalira kukalipa. Awiri amene takhala tikudikira kuti adzakondana akakwatirana olemba amasowa chochita nawo nde amawalekanitsa pa zifukwa zosamveka kuti adzawabwezerenso. Kumabwera mwana watsopano, kapena mchimwene amene sanatchulidwepo zaka zisanu zonse, kapena mdani wina amene ati ndiye anali kuseri kwa mdani woyamba uja. Zikayamba izi dziwani kuti mchipinda cha olemba anthu akufunsana kuti chaka chino tichite chani, osati kuti stori ikufuna chani.

Masopu ngati Generations kapena Days of Our Lives imene yakhala ikuonetsedwa kuyambira 1965 ndimawaika padera, chifukwa iwo sanatilonjeze mathero, ali ngati mtsinje, umalowa pomwe wafikira nkutuluka pomwe watopa. Olo kumeneko anthu ndi amene amagwira oonera, mu 2014 pamene ma akita 16 a Generations anachotsedwa ntchito atanyanyala, imene inabwera pambuyo pake inali ndi dzina lofanana koma ambiri tinaiona kuti ndi chinthu china. Ma telenovela ndi ma series a ku Korea amene ambiri amakhala ndi ma episode 16 ali ndi mwayi woti mathero amakhala odziwika asanayambe kujambula. Ndipo taganizirani Mr. Bean, anthu ambiri amaganiza kuti ma episode ake ndi mahandiredi chifukwa chobwerezedwa, koma ndi 15 okha, kuyambira 1990 mpaka 1995, ndipo mpaka lero ana amene sanabadwe nthawi imeneyo akuseka.

Masiku ano a Netflix ndi anzake vuto latembenuka, series yabwino amaidula pa sizoni 2 isanafike nkomwe pachimake, kapena amatidikiritsa zaka ziwiri zitatu kuti tione ma episode 8, pofika nthawiyo taiwala amene anapha mnzake ndipo ana a mu stori akula ndevu, ngati mmene zinakhalira ndi Stranger Things imene inayamba 2016. Zonsezi gwero lake ndi limodzi, amene akusankha kutalika kwa stori si amene akuilemba.

Koma ndisamalize osadziloza ifeyo oonera, chifukwa mlanduwu tili nawo gawo. Series ikatha bwino ndife oyamba kulemba pa Facebook kuti tikufuna sizoni ina, munthu amene timamukonda akaphedwa timaopseza kuti tisiya kuonera mpaka amudzutse, nde akamudzutsa ndife omwenso timati stori yaonongeka. Walira mvula walira matope. Ndipo series ikaipa timapitirizabe kuonera ati poti ndinayamba kale ndimalize, osadziwa kuti kuonera kwathuko ndi kumene bwana uja akuwerenga nkusainira sizoni ina. Ine ndinaonera Prison Break yonse mpaka ya 2017 ndikudziwa kuti mtima wanga unatsala pa mpanda wa Fox River, ndipo nditamaliza ndinapeza kuti olo sizoni yoyamba ija sindingaionerenso ndi mantha amene ndinali nawo, chifukwa tsopano ndikudziwa kuti mdziko limenelo anthu safa. Sizoni yoipa siingoipa yokha, imabwerera mmbuyo nkukadetsa zabwino zija.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi lakuti amene amalemba za mafilimu mu nyuzipepala yanu asamangotiuza kuti series yakuti yatulutsa sizoni yatsopano, azitiuzanso ngati amene anaiyambitsa akadalipo, ngati mathero ake anakonzedwa kale kapena akungoyenda mwa chiyembekezo, komanso azilimba mtima kunena kuti iyi onerani mpaka sizoni yakuti mulekere pomwepo. Ndipo kwa achinyamata amene akulemba ma series awo panopa, ambiri akuika pa YouTube ndipo ena ali ndi luso loonekeratu, ndikuwapempha kuti asanajambule episode yoyamba akhale atalemba kale yomaliza, ndipo munthu akamupha mu stori amuike mmanda asadzamudzutsenso olo oonera tilire bwanji.

Ine wanu,
Wokonda ma series